Thumba la m'kati mwa jekete: ntchito ya telala wina wa pa Dedza

Jekete imene ndikufuna kukambapo ndidaigula pakaunjika wa pa Lizulu m'mwezi wa Meyi, mphepo ya mwera itayamba kale kuwomba. Aliyense amene adagonapo ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julaye akudziwa kuti munthu wa kuno sagula jekete pofuna kutchena chabe, pakuti tawuni yathu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, patsinde penipeni pa phiri, ndipo masiku ena nkhungu imatsika m'mawa mpaka kuphimba msewu wa M1. Inali jekete ya ubweya wa nkhosa, yotuwa ngati phulusa, yosaperepeseka m'zigongono, ndiponso yondikwana m'mapewa ngati adachita kundiyeza. Chilema chake ndidachiona nditafika kale kunyumba. Inali ndi thumba limodzi lokha la m'kati, mbali ya kumanzere, ndipo thumbalo linali losazama moti foni inkatsala mutu uli kunja.

Kwa ena chimenechi si chilema, koma ine ndine wamanzere, ndipo thumba la m'kati la kumanzere adalikonzera munthu wopisa ndi dzanja lamanja. Kuwonjezera apo, ndimapita kawirikawiri ku Ulongwe wa ku Mozambique kukaona abale, kudzera pachipata cha Dedza ndi Calomue, ndipo paulendo wotere ndimanyamula pasipoti, chiphaso cha unzika ndi ndalama za mbali zonse ziwiri. Zinthu zoterezi siziikidwa m'thumba lakunja ndi munthu amene akukwera minibasi yodzaza, m'mene simudziwa ngati dzanja lokugwirani m'nthiti likufuna pogwira kapena likufuna za m'thumba. Ndidaganiza zoti ndisoketse thumba lina mbali ya kumanja, ndipo ndinkayesa kuti imeneyi ndi ntchito ya mphindi zochepa imene telala aliyense angaigwire.

Telala woyamba amene ndidamufikira adavomera asadaigwire n'komwe jeketeyo. Adati adula kansalu, akapinda m'mphepete, n'kukasokerera ndi makina pamwamba pa layiningi, nsalu yoterera ya m'kati ija, ndipo adatchula K2,000. Nditamufunsa kuti singano ya makina ilephera bwanji kubowola mpaka nsalu yakunja, adandiyankha kuti asankha ulusi wotuwa woti anthu asauone. Ndidatenga jekete yanga mwaulemu. Wachiwiri adaitembenuza kawiri, n'kunena mosabisa kuti ntchito yake ndi ya mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a zitenje, ndipo ndi iyeyo amene adandilozera kwa bambo wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo ina chakumsika. Mnyamatayo ndimamuyamikira mpaka lero, chifukwa matelala okana ndalama pa ntchito imene saidziwa si ambiri.

Pamalo pa bambowo palibe chikwangwani, ndipo dzina lawo sinditchula chifukwa sindidawapemphe. Pali makina akale a Singer opalasa ndi phazi, tebulo loyalapo bulangete lopsa m'mbali, simbi ya makala, thumba la zidutswa za nsalu, ndi waya umene amapachikapo zovala za anthu. Amathandizana ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi, ndipo tsiku lonse mumangomva "amalume, makala atha" kapena "amalume, ndisite tsopano?" Nditawafotokozera chimene ndimafuna, sadayankhe msanga. Adatembenuza jeketeyo, adayendetsa chala m'misoko yonse ya layiningi, adapisa m'thumba lakale lija, kenaka adandiuza kuti ndiivale ndi kumanga mabatani.

"Aphunzitsi, mukufuna thumba lomata kapena lodula?" adandifunsa.

Ndidavomera kuti kusiyana kwake sindikukudziwa, ndipo adandifotokozera. Thumba lomata ndi lija adandilonjeza telala woyamba, chigamba chokhala ndi khomo, chimene kulemera kwake konse kumatsamira pa layiningi mpaka layiningiyo itang'ambika. Thumba lodula ndi limene limapezeka m'masuti osokedwa bwino: amang'amba layiningi dala, amaikapo milomo iwiri yopyapyala yokumana pakati, ndipo thumba lenilenilo limalendewera kuseri, pakati pa layiningi ndi nsalu yakunja, moti chooneka ndi milomo yokhayo. Adandionetsanso chinthu chimene ndinali ndisadachiganizire pa zaka zonse zimene ndavala majekete. Jekete ya mwamuna imamangidwa mbali ya kumanzere ili pamwamba, choncho dzanja lamanja limalowa mosavuta, koma dzanja lamanzere liyenera kutsikira kumtunda, pamene jekete yatseguka pachifuwa. Pachifukwa chimenechi adati thumba langa alisendezera pang'ono kutsogolo ndi kulipendeketsa pang'ono, kuti dzanja lizilipeza popanda kumasula batani. Adapempha pasipoti, adaiyeza ndi tepi n'kupeza masentimita 12.5 m'litali ndi 8.8 m'lifupi, adayezanso chikhatho changa, ndipo adati khomo likhala la masentimita 14, kuya kwake 18. Mtengo adati K7,000, ndipo ntchito yonse aigwira ndi manja.

Apa ndidakayika, poti makina anali pomwepo, ndipo ndidaganiza kuti mwina mawu akuti "ndi manja" ndi njira yokwezera mtengo. Zifukwa zimene adapereka zinali za ntchito, osati zodzitamandira. Kuti jekete yosokedwa kale ilowe bwino pansi pa singano ya makina, ayenera kuphwasula layiningi mbali yaikulu, ndipo kuibwezera monga idalili ndi ntchito yoposa thumbalo. Chinanso, layiningi ndi nsalu yoterera, mano a makina amakoka ya pansi kusiya ya pamwamba, msoko n'kutuluka wokwinyika, komanso singano imene anali nayo pamakinapo inali yaikulu, yosokera kaki, yomwe imasiya mabowo osatsekeka pansalu yopyapyala. Chifukwa chachitatu ndicho adachitsindika kwambiri: mizere iwiri ya msoko iyenera kuthera pamalo amodzimodzi ndendende, ndipo dzanja limaima pamene diso lanena, pomwe makina opalasa amatha kuwonjezera msoko umodzi phazi lisadaleke. Asadandilole kupita adasolola kaulusi kamodzi kuseri kwa msoko wa layiningi n'kukayatsa ndi machesi. Adati ulusi wa poliyesitala umasungunuka n'kuuma ngati kamkanda, fungo lake ngati la jumbo yopsa, ndipo nsalu yotere simbi yotentha imaibowola nthawi yomweyo. Wanga udayaka msanga ngati pepala n'kusiya phulusa lopepuka, kusonyeza kuti ndi viscose, imene imapirira moto pang'ono koma imachita mawanga ikadontheredwa madzi. Kapepala ka fakitale kanali katadulidwa kale m'jeketemo, choncho machesiwo ndiwo adawauza m'mene asitire.

Tsopano ndinene za mbali imene sidandisangalatse, chifukwa ndi yomwe idachititsa kuti ndione ntchito yonse ndi maso anga. Jekete ndidaisiya Lolemba, ndipo adandiuza kuti ndibwere Lachinayi. Lachinayi ndidaipeza pawaya pomwe adaipachika, iwo ali kalikiliki ndi madiresi a operekeza mkwatibwi, poti anthu akakolola maukwati amachuluka. Loweruka ndidapeza mnyamata yekha, amalume ake atapita kumaliro ku Bembeke, ndipo za maliro munthu sadandaula. Lachiwiri la sabata yotsatira ndidapezanso jekete isadakhudzidwe, ndipo m'malo mokalipa ndidapempha mpando n'kunena kuti ndidikira. Adaseka, adapukusa mutu, adakankhira madiresi pambali, n'kutsitsa jekete pawaya. Nthawi inali itangopitirira 9 koloko.

Adayamba ndi kumasula msoko wa layiningi wa m'mbali, kunsi kwa khwapa, kutalika kongokwanira kuti dzanja lilowe. Sadadule nsalu, adangodula ulusi umodziumodzi ndi nsonga ya lezala n'kumausolola. Kudzera pampata umenewo adalowetsa kachidutswa ka nsalu ya thonje yolimba koma yopyapyala, n'kukayala kuseri kwa malo a thumba, kuti misoko ikhale ndi pogwira, pakuti layiningi payokha imayoyoka ikangodulidwa. Mapini sadagwiritse ntchito, adati amasiya tizibowo ndiponso nsalu yoterera imawazemba. Zonse adagwiriza ndi misoko italiitali ya ulusi woyera, imene adadzaisolola pomaliza. Mzere wa khomo adaulemba ndi kachidutswa ka sopo wotsala posamba, kopyapyala ngati mpeni, chifukwa sopo amalemba mzere wowonda kuposa choko ndipo amafufutika simbi ikadutsa. Atatero adadula tinsalu tiwiri ta milomo, adatipinda pakati, mnyamata adatisita, ndipo adatigoneka pamwamba pa layiningi, kena kumtunda kwa mzere, kena kumunsi, mphepete zake zodulidwa zitakumana pamzerepo.

Kusoka kwenikweni kudatenga nthawi yoposa ola. Ulusi adaudula waufupi, wosapitirira kuchokera kuchala kufika pachigongono, adaupaka phula la kandulo kuti usamapotane, adavala kachipewa kachitsulo kuchala chapakati, ndipo adasoka ndi msoko wobwerera m'mbuyo, uja singano imatulukira kutsogolo n'kubwerera kukalowa pamene msoko wapitawo udathera. Ndidaweramira kuti ndiwerenge, ndipo painchi imodzi ndidapeza misoko 12, yofanana ngati mano a chipeso. Mizere inali iwiri, yotalikirana sentimita imodzi, ndipo dzanja lawo lina linali m'kati mwa jekete nthawi yonseyo kuonetsetsa kuti singano isakole nsalu yakunja. Atafika kumapeto kwa mzere wachiwiri adaika tepi mopingasa, adaona kuti mzerewo wapitirira unzake ndi msoko umodzi, ndipo adaumasula. Ine sindikadauona.

Kenaka idafika nthawi yodula. Adatulutsa kasizasi kakang'ono kamene amasunga m'thumba la malaya awo, kamene mnyamata saloledwa kukagwira, ndipo mayi wina amene adabwera kudzafunsa za diresi yake adamupempha kuti ayambe wakhala pansi. Adadula pakati pa mizere iwiri ija, koma atatsala ndi sentimita imodzi kuti afike kumapeto adaleka, n'kudula mopendeka kawiri, kulunjika kumsoko womaliza wa mzere uliwonse, moti kumapeto kwa khomo kudatuluka mphanda ngati ya legeni. Adachita chimodzimodzi mbali inayo. Adandiuza kuti thumba lonse limakoma kapena kuipa pangodya zinayi zimenezi. Sizasi ikalekeza patali ndi msoko, ngodya imakwinyika ndipo ngakhale mutasita bwanji siigona. Ikapitirira msoko ngakhale ndi kaulusi kamodzi, pangodyapo pamatsala bowo limene limakula tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chigamba chimene chingabise. Pamene ankadula ngodya zimenezi adaleka kupuma, ndipo ndidazindikira kuti nanenso ndaleka. Atamaliza adakankhira tinsalu ta milomo tija m'bowomo n'kutitembenuzira kuseri, adawongola ndi chikhadabo, ndipo pamene mphindi yapitayo panali chilonda chonyenyeka padaoneka milomo iwiri yowongoka, uliwonse wa theka la sentimita, yokumana pakati. Kusita kwa apa sadapatse mnyamata. Adayamba ayesa simbi pachidutswa china, adayala kansalu kouma pamwamba, ndipo simbiyo ankangoiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza.

Zotsalazo ndi zimene mwini jekete saziona, ndipo ndi pamene ndidakhutira kuti K7,000 sidapite pachabe. Timichira tiwiri ta mphanda tija adatisokerera kuseri kumathero a milomo kuti ngodya zisamasuke. Thumba lenileni sadalidule kunsalu yoterera, koma kunsalu ya thonje yolimba, kupatula kachigawo ka kumtunda koonekera khomo likatseguka. Pansi pake adadula mozungulira m'malo mosiya ngodya, adati m'ngodya ndi m'mene mumadzaza zinyalala ndiponso m'mene makiyi amayambira kubowola, ndipo adasoka kawiri kuzungulira. Pomwepo adatenga kachingwe ka nsalu kopyapyala, adasokerera mbali ina kumtunda kwa thumba, mbali inayo kumsoko wa m'khwapa, pamene mkono wa jekete umalumikizana ndi thupi lake. Kachingwe kameneka ndiko kamanyamula kulemera kwa foni ndi pasipoti, kuti layiningi isamakokeke, ndipo adandipisitsa dzanja kuti ndimve kuti thumba la fakitale la kumanzere lija linalibe kachingwe kotere. Kumathero onse awiri a khomo adaikako timisoko topingasa tothinana, tokulungidwa ndi ulusi. Pomaliza adasolola ulusi woyera uja ndi kutseka mpata wa m'mbali ndi misoko yobisika, moti lero ndikafuna pamene adatsegula ndimachita kusakasaka. Nthawi inali itakwana 1 koloko masana.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, amatero akuluakulu, ndipo zovala zambiri zimene timasoketsa zimakhala zotero. Ntchito ya bambowa ndi yosiyana, chifukwa m'kati ndi mokongola kuposa kunja, ndipo zodandaula zanga zonse zili kunjako. Layiningi ya jekete yanga ndi yofiirira, koma tinsalu ta milomo adatitola m'thumba lawo la zidutswa ndipo n'toderako, kotero padzuwa kusiyanako kumaoneka. Akadandiuza Lolemba lija kuti alibe nsalu yofanana, ndikadakagula ndekha kachidutswa m'sitolo, poti masiku asanu ndi atatu odikira adali okwanira. Pa mtengo naponso sadalongosole bwino. Ali mkati mosoka adandifunsa ngati ndikufuna batani ndi kachingwe kotsekera khomo, ndidavomera poganiza kuti zili mu K7,000 momwemo, ndipo polipira adati batanilo ndi K1,000 yapadera. Ndalamayo si yambiri, koma munthu amafuna kuuzidwa asadavomere. Risiti palibe, kabuku kolemba zovala za anthu palibe, zonse amasunga m'mutu, ndipo jekete itakhala sabata yathunthu pawaya wa pakhonde idabwera ndi fumbi ndi fungo la utsi wa makala, moti ndidachita kuiyanika panja masiku awiri. Ngodya imodzi ya kumunsi ili ndi kakhwinya kakang'ono, koma kameneka adandionetsa okha ndisadakaone, n'kunena kuti padatsala kaulusi kamodzi kamene adaopa kudula.

Papita miyezi inayi tsopano, ndipo jeketeyi yapita ku Ulongwe katatu, kupatula maulendo a ku Lilongwe ndi a kutchalitchi Lamulungu lililonse. Pasipoti imalowa chilili popanda kupindika, foni imakhala pambali pake, ndipo kunja sikuoneka msoko ngakhale umodzi kapena kutumba kosonyeza kuti m'katimo muli kanthu. Milomo idakali yokumana pakati, siidayasame monga amachitira matumba ambiri akanyamula zolemera. Dzanja lamanzere limalipeza jekete ili chimangire, monga adanenera. Chodabwitsa n'chakuti thumba la fakitale lija, limene sindiligwiritsa ntchito kwenikweni, layamba kung'ambika pangodya. Msoko wobisika wa m'mbali udamasuka pang'ono mwezi wachiwiri, mwina chifukwa cha kukokedwa pokwera galimoto, ndipo nditawaonetsa adaukonza ndili chiimire osafuna kanthu.

Sindinganene kuti aliyense apite kwa iwo. Amene jekete yake ndi ya nayiloni yotchipa, kapena akungofuna pobisa ndalama paulendo umodzi, thumba lomata la K2,000 limukwanira, ndipo bambowa angamuuze zomwezo. Amene akufuna chovala chake mawa asayerekeze n'komwe. Koma amene ali ndi jekete yabwino imene akufuna kuivala zaka zambiri, ndipo sakufuna kuti singano itulukire kunja, ntchito imene ndidaona pakhondepo sindidaionepo kwina kuno ku Dedza. Apite atanyamula zinthu zimene akufuna kumaika m'thumbamo kuti ziyezedwe, atagula yekha kansalu kofanana ndi layiningi yake, ndipo agwirizane za mtengo wa zonse, ndi batani lomwe, jekete isadakwere pawaya.

Sabata yatha ndidawatengera jekete ya suti yanga yakuda, imene ndimavala pamaukwati ndi pamaliro, kuti nayonso aiikire thumba la kumanja. Ulendo uno kansalu ndidagula ndekha, ndipo ndidawafunsa kawiri ngati mtengo umene adatchulawo ukuphatikiza batani. Adavomera, adaipachika pawaya, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mubwere Lachinayi." Mnyamata uja adayang'ana kumbali akumwetulira. Ndidawapempha kuti aitsitse ndibwerere nayo kunyumba, ndipo tidapangana kuti ndibwera nayo Lachiwiri m'mawa, pamodzi ndi kampando kanga.